Pakamwa pa a Maziko

A Maziko a kwa Nsamala anakhalitsa ku Joni. Anzawo anabwerako ndi malata ndi njinga zamoto, koma iwo anabwera ndi pakamwa, ndipo lero amapalasa kabaza pa Balaka.

Ukawapatsa moni amaimika chala chachikulu n'kuti "shapu shapu". Ukatsika panjinga amati "enkosi", ati ndiye zikomo wa Axhosa amene ankamanga nawo nyumba. Tcheni chikaduka, "eishi". Mwamuna aliyense ndi "mfowethu", ngakhale abusa. Ine zimandinyansa, sindibisa, chifukwa munthuyu tinkakumba naye mbewa ali mamina chuchuchu.

Ndiye Modester, mwana wa mlongo wawo Hellen, anapeza umbeta wake watha: Elliam wa kwa Kawinga anamufuna ukwati. Atsibweni a Modester ndi a Maziko okha, choncho unkhoswe unagwera iwo. Hellen tulo tinamuthawa.

"Achimwene, akubwerawa ndi anthu aulemu wawo," anawachonderera. "Mukangotulutsa eishi mmodzi, mwanayu akalambira pakhomo pano."

A Maziko analumbira kuti Chijoni achisiya m'nyumba.

Tsiku lokumana ankhoswe litakwana, anakhala pansi pa mtengo wa mango atavala jekete yobwereka. A Enock, nkhoswe yakuchimuna, anayala nkhani mwaluso, kuti tambala wawo waona msoti pakhomo pano. Apa nkhoswe yakuchikazi imayenera kutambasula, kufunsa za mnyamatayo, kumuvutitsa pang'ono, kenako kuyamikira mwana wake. Koma a Maziko mawu aliwonse akafika pakhosi ankayamba awasecha ngati apolisi apamsewu, ndipo ambiri ankapezeka ndi mlandu.

"Inde," anatero, maso ali pansi.

A Enock anafunsa ngati pali chodandaula.

"Iyayi."

Thukuta linali kamukamu. Kwathu kuno nkhoswe ikauma pakamwa chotere ndiye kuti yakana, ikungosowa ponenera. A Enock anayang'ana anzawo, n'kutola chipewa.

"Taona kuti eni mbumba mtima suli pomwepo. Ife sitikakamiza."

Kuseri kwa mpanda kunamveka Modester akufwenthera. A Maziko anadzuka, jekete n'kuiponya pampando.

"Eishi, madoda, takhalani pansi. Ine Chichewa cha maukwati chinandithawa, koma mwana uyu ndimamudziwa. Atatithamangitsa ku Joni ndinafika kuno ndi jumbo imodzi, nsapato ndilibe. Mudzi wonse unandiseka, mayi akewa anatseka chitseko ndi manyazi. Uyu anali ka sitandade faifi. Anandifunditsira madzi osamba, n'kugwada, n'kunena kuti takulandirani atsibweni. Ndiye mfowethu, ngati mnyamata wanuyo ndi tsotsi, nyamukanidi. Ngati ali shapu, mutengeni, koma akadzamuliza ndidzapalasa njinga mpaka kwa Kawingako."

Hellen anali atabisa nkhope m'chitenje, ndipo sindikudziwa ngati chinali Chijoni chimene chinamuchititsa manyazi. Inenso amene ndinaseka nawo tsiku lija ndinangoti maso pa nyerere.

A Enock anabweza chipewa pabondo.

"Bambo, theka la mawu anuwo latidutsa," anatero. "Koma tabwera kudzafuna mwana wokhala ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo tamuona. Tipanganetu tsiku."

A Maziko anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma sipanatuluke Chichewa kapena Chijoni. Anangokhala pansi n'kumapukuta m'maso ndi mkono wa jekete ya eni ake imene inali pampando ija.