Maola Awiri Amene Btissam Anaiwala

Tsiku limene bambo ake anabwerako ku Haji, ulendo wopatulika wa Asilamu, Btissam analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Ndiye anali wophunzira wa pabanjapo, ngakhale kuti mayeso omaliza a sekondale anali atamukana. Atafunsidwa nthawi yokachingamira mdalayo, anayankha mosaganizira kawiri. Ndege inyamuka ku Jeda 8 koloko m'mawa, ulendo wake ndi wa maola asanu ndi awiri, ndiye kuti itera ku Casablanca 3 koloko masana. Anaiwala kuti wotchi ya ku Jeda imatsogola ndi maola awiri.

Abale anadzaza minibasi, atanyamula mkaka ndi zipatso za tende zolandirira mdalayo mwamwambo. Atafika pabwalo la ndege anapeza nthungululu zitatha kalekale. Bambo akewo, Haji Lahcen, anali atakhala pa sutikesi yawo, okhaokha. Mkaka anali atamwetsedwa kale ndi banja lina limene linawamvera chisoni.

"Taonani ntchito ya aphunzitsi athu a masamu!" anatero a Zhor, azakhali ake a Btissam. "Mchimwene wanga kumwa mkaka wa eni ngati alibe mtundu? Iwe, kusukulu kuja unkakatani?"

Bambo ake sanayankhule kanthu, ndipo chete ameneyo ndi amene anamupweteka kwambiri. Kuyambira pamenepo Btissam sankawayang'ananso kumaso. Tiyi ankangowatulira n'kuthawira kukhitchini.

Koma manyazi aja anamupatsa liuma. Anabwerera kusukulu n'kukhala pakati pa ana oti akanawabereka kumsana. M'mawa ankakanda buledi kubekare, masana ali m'kalasi. Atakhoza, analembetsa maphunziro okonza maulendo a ndege. Mayeso oyamba analephera. Azakhali aja anaseka mpaka kutsokomola.

"Mtsikana iwe, kwatiwa basi. Ndege za anthu uzigwetsa!"

Analembanso, ndipo anakhoza. Lero ndege isananyamuke, Btissam ndi amene amawerengera mtunda, mafuta ndi mphepo, woyendetsa n'kumadikira mawu ake.

Tsiku limene anayamba ntchito analimba mtima n'kukhala pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, ndikhululukireni. Ndinakuchititsani manyazi tsiku lija."

Mdalayo anaika pansi kapu ya tiyi.

"Manyazi ati? Ine maola awiri aja ndinkangopemphera. Ndinkaganiza kuti minibasi yagubuduzika mumsewu, nonse mwatha. Nditakuona ukulowa pakhomo paja, mawu anandithera ndi chimwemwe. Kodi n'chifukwa chake wakhala ukundithawa zaka zonsezi, mwana wanga? Ine ndimayesa kuti sundifunanso."

Btissam analira ngati kamwana.

Inu amene munalakwitsa ndipo mpaka lero mukuyenda chozolika, dzukani mukonze zimene zingakonzeke. Koma musadikire kukhoza mayeso kuti mukayankhule ndi munthu amene mukumuthawayo. Mwina iye akungodikira kuti mumuyang'ane. Mtima wanu usagwe, pitani lero.