Bangwe ya bambo

Dzulo kunabwera mdzukulu wa malemu a Gondwe, omwe anali mkulu wa mpingo kwathu ku Chisemphere. Akujambula chimbale cha nyimbo zotamanda Mulungu, chosakaniza gitala ndi zoimbira zamakolo.

"Amayi, tibwerekeniko bangwe ya bambo anu," anatero.

Mtima unandiwawa. Ndinakumbukira Lamulungu lina ndili kamtsikana. Bambo anatenga bangweyo m'chigafa, ikununkha fodya, kuti akaimbire salimo. A Gondwe anaiponda pakhomo pa tchalitchi, anthu akuona.

"Muli Satana umu," anatero.

Ndinatola zidutswa zake, kufunafuna Satanayo. Ndinangopezamo mphemvu. Bambo sanaimbenso mpaka tinawaika m'manda.

Mnyamatayo ndinamuyankha kuti, "Kafunse kumanda kwa agogo ako. Phazi lawo ndi limene linaiimba komaliza."