Mmene aDaka Anasesela Thengo

AJosiah Daka a ku Luembe anatha zaka khumi ndi chimodzi akulambula kanjila kozungulila thamanda la Chikwaza, kufupi ndi Luangwa, koma anali waganyu chabe. Magemu, alonda a nyama aja, ankadutsa pakhomo pao atavala khaki ndi majombo, aDaka n'kumatsatila m'mbuyo ndi chikwakwa, nsapato za matayala zili phwa phwa. Komatu thengo ankalidziwa ndi iwo. Akaona ndowe ya njati ankanena kuti yadutsa liti, ili yokha kapena ndi zinzake. Akazi ao, amai Perpetua, ankati nzelu zonsezo n'zabwino, kungoti sungazichape n'kuziyanika pachingwe kuti anthu aone.

Chaka chija sopo anasowa m'masitolo, mkulu wa magemu, aMukela a ku Mongu, anawaitana. Anati aGavana a ku Petauke abwela Lachisanu kudzayenda kanjilako ndi kuona nyama. Akakondwa, pamangidwa msasa wa alendo, ndipo aDaka alembedwa nchito ya ugemu, yunifomu ndi majombo omwe. Atatelo anapalasa njinga kupita ku Nyimba kukachingamila alendowo, n'kusiya mau ochepa: malo akonzedwe.

Kukonza malo pobwela akuluakulu a chipani aDaka anali atakuona kangapo pasukulu. Anamema azimai a midzi itatu. Anasesa kanjila konse, mapazi a nswala ndi ndowe za njovu zomwe, poti bwana sangaponde uve. Miyala anaipaka laimu. Bango la m'mbali mwa madzi analigwetsa kuti lisatseke maso a aGavana, udzu n'kuutentha kuopa njoka. Kenaka ng'oma zinalila masiku awili pamtunda pa thamanda, azimai akuyeseza nyimbo zolandilila. Amai Perpetua atafunsa ngati mvuu zimakonda ng'oma, anauzidwa kuti za boma azisiye, agwile tsache.

Mvuu zinasamukila ku Luangwa tsiku loyamba lomwelo. Nswala, nkhanga ndi akakowa sanatsazike n'komwe.

Lachisanu aGavana anayenda ola lathunthu m'suti yao ya safali, thukuta lili kamukamu, aMukela ali pambuyo. Anaona miyala yoyela, phulusa, ndi bilimankhwe mmodzi wopsa mchila. Atafika pamadzi anaima.

"Nanga nyama zili kuti, bambo Daka?"

ADaka anavula chipewa. Anayang'ana matope, anayang'ana tsidya, ndipo kwa nthawi yoyamba thengo linalibe chowauza.

"Zilipo, bwana. Zangopatuka, zachita ulemu."

AGavana sanaseke. Anauza anthu kuti kuno nyama kulibe, msasa ukamangidwa kwina. Koma anaonjeza kuti chiyambile kuyendela midzi sanaonepo thengo laukhondo chotele, ndipo munthu wa manja otele sayenela kuonongekela kutchile. Azimai analuluta, poti anauzidwa kuti bwana akapuma aziluluta.

ADaka nchito anawalembadi. Mwezi wotsatila galimoto inawatenga kupita ku Petauke, kumene anapatsidwa ovolosi yabuluu ndi matsache awili, kuti azisesa bwalo la maofesi. Majombo anati ndi a anthu oyenda m'minga.

Mvula itagwa mvuu zinabwelela, kanjila n'kumela udzu wofika m'chiuno. ADaka amabwela kumudzi pa Khisimasi, amakhala masiku atatu, amaona abale onse. Wina akawauza kuti tiyeni kuthamanda, amati miyendo ikuwawa.