Levulo Afunafuna Phulusa

Anzake a ntchito adamupatsa dzina loti Levulo, kachipangizo koyezera ngati khoma lawongoka, chifukwa sakhulupirira khoma asanaliyeze. Ndi mmisiri womanga nyumba, mwana woleredwa bwino, wosamwa, wosatukwana, ndipo wofuna kunena zina abwere adzanenere pamaso pa abale ake. Chilema chake n'chimodzi basi: chimene sanachigwire ndi manja, kwa iye ndi bodza. Ali wamng'ono adamasulapo wailesi kuti aone munthu wolankhulamo.

Mkazi wake, mayi a mapasa, ndi telala, koma Loweruka lililonse amatseka makina n'kukatsogolera ana a sikauti kusukulu. Tsiku lina adabwera ndi kalata yoitana atsogoleri onse ku maphunziro a masiku atatu, ogona kutchire, amuna ndi akazi.

"Amuna ndi akazi," Levulo adabwereza, maso ali pakalatapo.

"Matenti ndi osiyana, bambo a mapasa."

"Tenti ili ndi loko?"

Mayiyo adangoseka, n'kupitiriza kupinda bulangeti.

Lachisanu m'mawa lole idaima pamsewu. Mudatsika bambo wamtali, wezulo ili m'khosi, n'kupatsa mayi a mapasa moni wa dzanja lamanzere. Nayenso adabweza ndi lamanzere, osazengereza, ngati anthu ozolowerana. Masikauti onse amapatsana moni choncho, koma Levulo sadafunse.

Kuntchito tsiku limenelo mzere wa njerwa udapindika. Kalipentala, mnzake wakalekale, adauyang'ana ali padenga.

"Achimwene, khomali laledzera kapena maganizo ali kutenti?"

"Khomani misomali yanu."

Lamulungu madzulo mayi a mapasa adabwera atatopa, zovala zikununkha utsi, akusimba za mfundo za zingwe ndi moto woyatsa ndi machesi amodzi. Adatchula ndi malo omwe: kuseri kwa famu, pamtsinje, pansi pa mibulugamu itatu. Levulo adangoti eya. Utsi umapezeka paliponse.

M'mawa mwake adakwera njinga. Mibulugamu adaipeza, mtsinje adaupeza. Koma pansi panali kapinga wobiriwira, wosapsa paliponse. Adazungulira kawiri. Phulusa ayi, mafuwa ayi, chitini kapena pepala ayi. Iyetu amadziwa ntchito: amisiri anayi akagwira sabata imodzi, mulu wa mchenga ndi matumba a simenti zimatsala chaka chathunthu. Nanga anthu makumi atatu, kuphika katatu patsiku, osasiya ndi khala lomwe?

Atabwerera kunyumba adapeza mkazi wake akusoka yunifolomu.

"Ndachokera ku mibulugamu kwanu kuja. Sikunagone munthu. Mundiuze kumene munali, apo ayi makinawa muwanyamule lero, mukasokere kwanu."

Makina adaima. Mayiyo adadula ulusi ndi mano.

"Simunapeze kanthu? Olo kadzenje?"

"Olo kadzenje."

"Ndiye kuti takhoza. Tengani mpeni wanu womangira, mundikweze."

Njira yonse Levulo ankapalasa akuganiza kuti mwina akumutengera kwina, kumene wa wezulo uja wakonzeratu umboni. Koma adafika pomwe paja.

Mayi a mapasa adatsamira mbulugamu wapakati, adawerenga mapazi khumi ndi awiri kulowera kumtsinje, n'kugwada. Adalowetsa mpeni uja m'kapinga. Chigamba chonse chidanyamuka ngati chivundikiro cha poto, mizu ndi dothi lake. Adafukula pang'ono. Phulusa lonyowa, makala, ndi miyala itatu yakuda.

"Moto wathu ndi uwu. Umayamba wadula kapinga bwinobwino, n'kumuika pamthunzi, kumamuthirira madzi masiku onse atatu. Pochoka umazimitsa moto, kukwirira, kubwezera kapinga. Mabowo a zikhomo za tenti timatseka ndi chala, limodzilimodzi. Wa wezulo uja, amene mumamuyang'ana ngati wakuba nkhuku, anatibweza kawiri chifukwa cha khoko la dzira. Tikapita ndi ana a eni kutchire, aphunzire kusiya malo monga anawapezera."

Levulo adagwada, adapisa dzanja m'phulusamo, adanunkhiza. Adatola khala limodzi n'kuliika m'thumba la malaya. Kenaka adabwezera chigamba chija, akuchisisita ndi chikhatho monga amachitira ndi pulasitala.

"Mbali iyi yakwera pang'ono," adatero, mawu ali pansi.

"Mwakhulupirira phulusa, osati ine. Zaka khumi ndi zinayi tili pabanja, bambo a mapasa."

Apa mwana wa anthu sadakane, sadadzikometsere, kumtundu kwake munthu akalakwa amagwetsa nkhope. Adapepesa atagwada pomwepo, mawondo ali m'matope.

"Makina aja akhale," adatero.

"Akhaladi, nanga adagula ndinu? Koma mwezi wamawa tikupita ndi ana, ndipo tikusowa munthu wokumba zimbudzi zowongoka. Mukagona pakhomo pa tenti, mukhale loko mumafuna uja."

Adapita, ndipo mpaka pano amapitabe. Zimbudzi amakumba ndi levulo m'manja. Khala lija lili pawindo la kuchipinda, ndipo mkazi wake akamapukuta fumbi amalidumpha dala.