Mutu wa a Mwale ndi Batani la Kiyibodi

Ntchito ya m'sitolo ya amalume sindinaifunsire. Nditangolemba mayeso a Fomu 4, amayi anati sangasunge pakhomo mtsikana amene anathira chitedze pampando wa aphunzitsi a masamu. Anandikweza minibasi ya ku Boma ndi kachikwama kanga, akuti achimwene awo akandiwongola. Amalumewo, a Kamphinda, ali ndi sitolo ya zoimbira kuseri kwa msika wa pa Kasungu. Anandilandira osamwetulira n'komwe, n'kundipatsa tsache.

Sitoloyo ndi ya banja, ndipo aliyense ali ndi malo ake. Akazi awo a amalume, aNaphiri, amakhala pakauntala kugulitsa nsambo za gitala, mapulagi ndi mabatire a maiki, komanso kuikira anyamata a kabaza nyimbo m'mafoni. Amalume amakhala kuchipinda chakumbuyo ndi kachitsulo kawo kowotcherera mawaya, kukonza masipika ophulika ndi kukunga zikopa za mbuzi pang'oma. Msuweni wanga Limbani ndiye amaperekeza zida zikabwerekedwa kuukwati, kuchinkhoswe kapena kutchalitchi. Limbani sanandifune kuyambira tsiku lomwe ndinafika. Ankati mtsikana pa mikisa, makina osakanizira mawu, ndi tsoka, ndipo ankandituma ngati galu. Ine ndinamuthirira mtedza wouma m'gitala yake, iye n'kumasula gitala yonse kufunafuna chimene chinkalira.

Komabe ntchito ndinaiphunzira, chifukwa amalume sabwereza mawu. Waya umaupinda mosaupotokola. Ampulifaya umayatsa pomaliza, n'kuizimitsa poyamba. Maiki isayang'anizane ndi sipika, apo ayi imalira ngati nkhumba ikuphedwa. Jenereta uziyika kutali kuseri kwa nyumba, ndipo mafuta uziyang'ana wekha, osakhulupirira mwini phwando.

Loweruka masana khonde la sitolo limakhala la aliyense. Amalume amatulutsa kiyibodi yakale ndi gitala, ndipo wofuna kuphunzira amaphunzira ulere. Amene sankajomba anali a kwaya ya matenanti a pa esiteti ina ya cha ku Mwase, anthu ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje, otsogozedwa ndi mayi Esinati. Ankabwera wapansi atangotuluka m'munda, manja ali bii ndi phula la fodya, aNaphiri n'kuwaikira beseni ndi sopo. Akayamba kuimba, ngakhale ogulitsa tomato ankasiya kuitanira malonda.

Koma kasitomala wamkulu wa sitolo anali a Mwale, oyang'anira kwaya ya tchalitchi chachikulu cha kumudzi kufupi ndi esiteti yomweyo. Munthu wa jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ine ankanditchula kuti "iwe kamtsikana", matenanti ankawatchula kuti "obwera". Chinsinsi chawo tinkachidziwa ife a m'sitolo tokha: a Mwale amadziwa kuimba kiyibodi pamalo amodzi basi. Zala zawo sizisuntha. Nyimbo ikafuna kukwera kapena kutsika, amadalira batani la tiransipozi, limene limakweza mawu a kiyibodi pamene zala zikugunda pomwepo. Ndipo popeza sankafuna kuti mpingo uwaone akulidina, ankafuna wa kusitolo agwade pambali ngati akukonza waya. Nyimbo ikafika pokwera, iwo agwedeza mutu, wogwadayo adina kamodzi.

Tsiku la pepa sande ya tchalitchi chawo, amalume anatuma Limbani ndi ine. Tinakweza masipika, mikisa, jenereta ndi kiyibodi yatsopano palole ya fodya, fumbi n'kutiphimba mpaka m'makutu. Makwaya oitanidwa anali ambiri, ndipo mwambo wa sitolo yathu ndi wakuti zida zikatuluka, aliyense woima kutsogolo amamveka, kaya walipira ndani.

Itafika nthawi ya matenanti, a Mwale anavindikira kiyibodi ndi nsalu, n'kupita pa mikisa kukalamula Limbani. "Manja a phulawo asakhudze pano. Ndipo maiki uzimitse, batire tikusungira kwaya yeniyeni." Limbani, amene kusitolo amalankhula ngati mkango, anangomvera, n'kutsitsa mafeda onse, timabatani tokweza ndi kutsitsa mawu a maiki. Mayi Esinati anagogoda maiki ndi chala, anayang'ana kwa ife, kenaka anayamba nyimbo pakamwa pokha. Akumbuyo sankamva. Anyamata ena anayamba kukuwa kuti abwerere kuchigafa akasoke fodya, ndipo azimayi a kwaya ya eni tchalitchi pabenchi yakutsogolo ankaseka m'zitenje. Matenanti anamaliza nyimbo yawo yonse, n'kukakhala panja pansi pa mtengo wa mango.

Kenaka inafika kwaya ya eni tchalitchi, mayunifolomu osita, nsapato zonyezimira. Ine ndinagwada pamalo panga, waya m'manja, chala pafupi ndi batani. A Mwale anandinong'oneza kuti ndikaphonya ngakhale kamodzi, akandinenera kwa amalume. Ndinawayankha mwaulemu kuti sindiphonya.

Ndipo sindinaphonye. Vuto la a Mwale ndi lakuti nyimbo ikawakomera, mutu wawo sukhala chete. Ndime yoyamba itatha anagwedeza mutu, ine ndinadina. Kumeneko kunali kukwera kwenikweni, ndipo kwaya inakwera bwino. Anthu anayamba kuvina kupita kutsogolo ndi ndalama zawo zamapepala. A Mwale anatseka maso, mutu n'kuyamba kuvina nawo. Ndinadina. Unagwedezekanso, ndinadinanso. Ine ndinauzidwa kuti mutu ukagwedezeka ndidine, ndipo kusukulu anatiphunzitsa kumvera akuluakulu.

Oimba a kwaya amatsata kiyibodi ngati ng'ombe zapagoli. Inakwera, iwo anakwera. Azimayi a mawu oyamba misempha ya m'khosi inatuluka, maso ali tong'o, akuyang'anana kuti kodi tikupita kuti. Abambo a besi anayamba kuimba ngati anyamata a Sitandade 5. A Mwale anatsegula maso, n'kundiyang'ana ndi ukali, akupukusa mutu kuti ndileke. Ine ndinaona mutu ukuyenda, ndinadina. Mayi wina wotsogolera nyimbo anafika pamene mawu amathera, anatulutsa kamawu ngati mwanapiye wapondedwa, n'kuyamba kutsokomola. Kwaya yonse inamwazikana, kiyibodi n'kutsala yokha ikulira kumwamba.

Mpaka pamenepo ndinali wotetezeka. A Mwale sakanandineneza popanda kuulula kuti nyimbo zawo zonse zimakwezedwa ndi kamtsikana kogwada. Koma pafupi ndi kiyibodi panali maiki yawo, itapendekera pansi, feda ili m'mwamba. Kamawu ka mwanapiye kaja katamveka, ndinalephera kudzigwira. Kuseka kwanga kunatuluka m'masipika onse, m'tchalitchi ndi panja pomwe, mpaka pansi pa mango pamene panakhala matenanti. Abusa anaimirira. Panja wina anaimba nthungululu.

M'mawa mwake a Mwale anafika kusitolo tisanamalize kusesa. Anakana mpando. Anati ine ndine mwana wa Satana, kuti ndachititsa manyazi nyumba ya Mulungu, ndipo ngati amalume sandichotsa, matchalitchi onse a dera lawo azikabwereka zida kwina. Limbani anaikira umboni mokondwa kwambiri. ANaphiri anafunsa chimene chinachititsa kuti maiki izimitsidwe poimba matenanti, ndipo a Mwale anayankha kuti iwo sanabwere kudzakamba ndi azimayi.

Apo amalume anaika pansi kachitsulo kawo. Anauza a Mwale kuti zida za sitolo ino sizisankha woimba, ndipo akafuna zozimitsira anzawo akagule zawo. Anauza Limbani kuti asakhudzenso mikisa kufikira fodya atatha kumsika. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Iwe longedza. Munthu akaima kutsogolo kwa anthu amakhala wamaliseche, ndipo ife ntchito yathu ndi kumufunditsa, angakhale chitsiru chotani. Iwe wavula kwaya yonse chifukwa cha munthu mmodzi."

Ndinafunsa ngati a Mwale ali m'gulu la zitsiru zofunditsidwazo. A Mwale ananyamula dzanja, aNaphiri n'kundikokera kuseri kwa kauntala, ndipo masana omwewo ndinali m'minibasi yobwerera kwa amayi.

Pano ndili kumudzi, ndikusankha fodya wa amayi m'chigafa podikira zotsatira za mayeso. Amayi amati ndikapepese kwa a Mwale kuti mwina amalume angandilandirenso. Sindipita. Azimayi a mawu oyamba aja anaseka matenanti m'zitenje, ndiye ngati makosi anawapweteka, amwe madzi ofunda. Mawu a amalume ndinawamva, ndipo mwina ndikadzakalamba ndidzagwirizana nawo. Koma kwa inu amene mukufuna kulowa ntchito ya zokuzira mawu, phunziro limene ndinatenga ine ndi la pa mikisa: musanayambe kuseka, yang'anani maiki imene ili pafupi nanu, ndipo tsitsani feda.