Mapepala amene ndinakulungira makapu

Apongozi anga, mzungu wa ku Bradford, atayamba kulephera kukwera masitepe, tinapita kukawalongedzera katundu kuti asamukire kwathu. Ine ndinagwira za kukhitchini. Manyuzipepala atandithera, ndinapeza katoni ya mapepala akale pansi pa masitepe, n'kuyamba kuwang'amba kuti ndikulungire makapu.

Apongoziwo analowa ndi ndodo yawo, n'kutola chidutswa chimodzi pansi. Anachiwongola patebulo ndi chikhatho.

"Anajambula ndi bambo anga izi," anatero.

Nditayang'anitsitsa ndinaona chojambula cha makina a pinibolo, aja oponyamo khobidi kuti kampira kachitsulo kathamange. Bambo awowo ankapanga okha makinawo kuseri kwa nyumba, n'kumakawaika m'mabala a mowa. Mapepala ena anali makalata ochokera kwa eni mabala.

"Pepani, amayi, sindinadziwe," ndinatero, ndikusowa koyang'ana.

Sanakalipe. Anakoka mpando, ndipo tinayamba kumasula makapu aja imodziimodzi. Pepala lililonse ankandiuza nkhani yake akumwetulira, ine manyazi n'kumangowonjezekera. Mapepala ena tinawamata ndi selotepu, koma ena sanalumikizikenso.