Kumbuyo kwa Mipando ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amalume anabwera ndi kanema kumudzi kwathu, kumtunda kwa Tsangano. Chaka chimenecho kachewere anachita bwino. Amalume anakweza matumba awo pa lole kupita nawo ku Blantyre, ndipo pobwera anatsika ndi katoni yokulungidwa m'bulangeti ngati khanda. M'katonimo munali kanema wamng'ono, galasi lake ngati thireyi yoperekera tiyi, ndi deki yoikamo madisiki. Magetsi kwathu kunalibe. Zonse zinkayendera batire ya galimoto, imene ankapita nayo pa njinga kumsika Loweruka lililonse kukaitchajitsa.

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Ine, amayi ndi mng'ono wanga tinkakhala pamalo pa amalume, kulima munda umene anatidulira iwo. Chimene anena amalume pa ife chinali chomwecho.

Kanema ankamuyatsa Lamulungu masana, tikaweruka kutchalitchi. Palibe amene ankauza munthu pokhala, aliyense ankadziwa yekha. Amalume ndi anzawo ankakhala pamipando, pafupi ndi kabati pamene panali kanemayo. Kumbuyo kwawo kunali benchi ya anyamata. Kenaka azimayi pamphasa, akusuzumira m'mipata ya mapewa. Ife ana aakazi malo athu anali pakhomo penipeni, kuti wina akafuna madzi akumwa kapena mbuzi zikalowa m'dimba, tithamange msanga. Pawindo ankatchingapo thumba. M'nyumbamo munkanunkha fodya, majekete onyowa ndi nkhungu, ndi mapichesi amene anyamata ankadya n'kumatigenda ndi nthanga zake.

Ndikuuzeni zimene ndinkaona ine ndili pakhomopo. Ndinkaona kabokosi kowala, mkati mwake mukuyenda mitundu. Anthu ake ankaoneka monga mmene amaonekera munthu akamabwera patali m'mawa wa mwezi wa Juni, nkhungu isanachoke. Ndinkawasiyanitsa ndi zovala basi: wofiira uja, woyera uja. Akasintha zovala, ine ndasokera. Ndiye ndinkagwedeza msuweni wanga Felesiya, mwana wa amalume, amene tinali msinkhu umodzi.

"Ameneyo ndi ndani?"

"Si mkazi wachiwiri uja? Iwe m'mutu mwakomu muli phala eti?"

Anthu akaseka ndinkaseka nawo. Akati "ii!" nanenso ndinkati "ii!" Mumtima ndinkati kanema ndi mmene amakhalira, ndipo Felesiya ndi wochenjera chabe, amatha kulota.

Kusukulu zinali chimodzimodzi. Ndinali wamtali kuposa anzanga, ndipo aatali ankatikhazika kumbuyo, kutsamira khoma. Pabolodi ndinkaona timizere toyera ngati mopalasa nkhuku. Ndinkadikira mnzanga wapambali alembe, ine n'kumakopera m'kope mwake. Aphunzitsi akandipeza ankati ndikubera. Onse ankati ndine mbuli, ndipo nanenso ndinavomera kuti ndine mbuli, poti chifukwa china sindinkachidziwa.

Mwezi wa Julayi chaka chomwecho kutchalitchi kwathu kunabwera alendo ndi filimu yophunzitsa za m'banja. Anabwera ndi jenereta ndi kamakina koponya zithunzi pansalu. Nsaluyo anaipachika kutsogolo, yoyera, yaikulu kuposa chitseko cha tchalitchi. M'mawindo anatsekamo ndi mphasa ndi mabulangeti, chifukwa kunja dzuwa linali pamutu. Ndiye kutchalitchi, monga mukudziwa, zimatembenuka: ana ndi amene amakhala kutsogolo, pansi, akuluakulu kumbuyo pamabenchi. Ine anandikankhira mzere woyamba weniweni, moti ndikanatambasula mwendo ndikanagunda nsaluyo.

Jenereta italira, pansalu panatuluka nkhope ya mayi wina. Nkhope yokha, yaikulu ngati khoma la khitchini yathu. Ndinaona maso ake. Ndinaona kuti anali ndi mpata pakati pa mano, ndiponso kuti duku lake linali ndi timaluwa tachikasu. Mwamuna wake atamunenera mawu oipa, mlomo wam'munsi wa mayiyo unanjenjemera, msozi umodzi n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pachibwano. Ndinafinya dzanja la Felesiya.

"Taona, akulira!"

"Nanga n'zachilendo? Kwathu kuja a mu kanema salira Lamulungu lililonse?"

"Pa kanema wa amalume misozi imaoneka?"

"Isaoneke bwanji? Tandisiya ndionere, iwe."

Ndinamusiya. Koma kuyambira pamenepo maganizo anga sanalinso pa mayi wa duku uja. Ndinkangoti, kani Felesiya salota. Kani anthu onse aja amaseka chinthu chimene akuchiona, ine ndekha ndi amene ndimaseka mapewa a anthu. Pobwerera kunyumba ndinaloza mtengo wa bulugama tsidya la dambo, n'kumufunsa Felesiya chimene akuona. Anati pali akhwangwala awiri panthambi. Ine ndinkaona chinthu chobiriwira, basi.

Lamulungu lotsatira ndinaganiza zoyesa. Filimu ili mkati, anthu onse maso ali kutsogolo, ndinayamba kukwawa m'mbali mwa khoma. Ndinadutsa mphasa ya azimayi. Amayi anga anandigwira diresi, ine n'kupulumuka. Ndinadutsa benchi ya anyamata, ndinadutsa miyendo ya mipando, mpaka ndinafika pansi pa kabati n'kugwada. Nditadzutsa mutu, ndinaona. Anthu ake anali ang'onoang'ono ngati zala, koma anali ndi nkhope. Amene ndinkamuyesa nkhalamba ya imvi milungu yonseyo anali mnyamata wovala chipewa choyera. Ndinaiwala kumene ndili. Sindinadziwe n'komwe kuti mutu wanga watseka kanema yense.

Tsiku limenelo panali mlendo, bambo wina wa tsidya la malire amene ankagula kachewere kwa amalume. Ndi amene anayamba kulankhula.

"Kodi a Ngozo, ku Blantyre kuja munagula kanema kapena munagula nkhongo ya mwanayu?"

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Amalume sanaseke. Anazimitsa kanema, n'kundigwira khutu mpaka panja. Anthu anatuluka nawo, ena akung'ung'udza kuti ndawadulira filimu pabwino.

"Mwana wamkazi kudutsa pamaso pa akuluakulu, n'kuwalozetsa msana! Pamaso pa alendo! Wakuphunzitsa ndani?"

Ndinagwada. "Kumbuyo sindiona, amalume."

"Suona? Nanga anzako akuonera chiyani, mphuno?"

"Ndimangoona ngati utsi. Kutchalitchi kuja ndiye ndinaona bwino."

"Oo, kanema wanga wakuchepera. Ukufuna wa kutchalitchi." Anatembenukira kwa amayi, amene anali atagwada kale chapatali. "Achemwali, mwana wanuyu akuti saona. N'zoona zimenezi?"

Mpaka lero ndimakumbukira mmene amayi anayang'anira pansi, zala zikutolatola timiyala.

"Pepani achimwene. Maso ake ndi abwinobwino. Ndi amene amandilowetsera ulusi pa singano. Ngakhale miyala m'nyemba amasankha ndi iyeyu, sasiya ndi umodzi womwe."

Ndipo zinali zoona. Chimene chinandipha n'chakuti zinali zoona. Amalume anaitanitsa singano ndi ulusi pomwepo. Anandipatsa anthu onse akuona. Ndikanakhala wochenjera ndikanaphonyetsa dala, koma ndinali mwana, ndipo ndinkaganiza kuti ndikachita bwino andikhululukira. Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu, n'kulowetsa kamodzi kokha.

"Wakhungu wake ameneyu?" anatero amalume, akuonetsa singanoyo kwa mlendo uja.

Anathyola kanthambi ka pichesi. Zikwapu sizinali zambiri, ndipo ululu wake unatha tsiku lomwelo. Chimene sichinathe ndi dzina. Kuyambira tsiku limenelo ana onse a m'mudzi ankandiitana kuti Sindiona. Pa kanema anandiletsa. Lamulungu masana ntchito yanga inali yoyang'anira mbuzi, ndikumva kuseka kwa anthu kuchokera m'nyumba.

Komabe ndinali ndisanataye mtima. Ndinali nditadziwa tsopano kuti mankhwala ake ndi kukhala pafupi. Lolemba m'mawa ndinapita kwa aphunzitsi athu a Sitandade 5, n'kugwada pafupi ndi tebulo lawo.

"Aphunzitsi, ndimapempha ndizikhala nawo kutsogolo."

Nkhani ya dzulo lake inali itafika kale. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Msinkhu wonsewu? Ukufuna utitsekere bolodi ngati mmene unachitira kwa amalume ako? Bwerera kumalo kwako, Sindiona."

Kalasi inaseka, ine ndinabwerera kukhoma. Sindinapemphenso munthu wina aliyense. Sitandade 5 ndinalephera, ndinabwereza, ndinalepheranso. Chaka chachitatu amalume anauza amayi kuti sukulu yandikana, kuli bwino ndizithandiza kumunda. Amayi anavomera. Felesiya anapitirira mpaka sekondale. Ine ndinaphunzira kupalira kachewere, ndipo ndimamudziwa bwino, poti mzere wa kachewere umakhala pafupi ndi maso.

Ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wamkazi. Tsiku lina ndili kusikelo, mayi wa zaumoyo amene ankayeza ana anapachika mwana wanga n'kunena kuti, "Mayi, tawerengani nokha, wafika pati mwezi uno?" Ndinayandikira, n'kuyandikirabe, mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda sikeloyo. Amayi anzanga anaseka. Iye sanaseke. Atamaliza kuyeza ana onse anandiitanira pambali, n'kundiuza ndiwerenge chipepala chimene chinali pakhoma. Ndinati sindikuona. Ndinanena motsitsa mawu, ndikudikira chipongwe.

"Munayezetsapo maso?"

"Ayi. Maso anga ndi abwino. Singano ndimalowetsa."

"Singano ndi pafupi, mayi. Alipo maso oona pafupi koma osaona patali. Anthu otere ndi ambiri. Amangovala magalasi, basi."

Basi. Mawu amenewo anandilasa kuposa chikwapu chilichonse. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Magalasi ndinakawapeza kuchipatala cha ku boma. Nditatuluka nawo panja ndinaima osayenda. Mitengo inali ndi masamba, lililonse palokha. Tsidya la msewu panali zikwangwani, ndipo ndinkatha kuziwerenga ndili pomwepo. Ndinaona nkhope ya mwamuna wanga akubwera patali ndi mwana, ndinaona kuti akumwetulira asanafike. Ndinakhala pansi pakhonde la sitolo ina n'kulira. Iye ankayesa ndikulira chimwemwe, ndipo sindinamutsutse.

Patapita masiku ndinapita kwa amayi. Amalume anali atamwalira kale. Ndinawapeza amayi akusankha mbewu ya kachewere pakhonde.

"Ii, magalasi? Wayamba za m'tauni tsopano?"

Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, mmene anandiyezera ndi zimene ananena achipatala, kuti ndinabadwa nawo maso otere. Anamvetsera akupukusa mutu.

"Mwana wanga, zaka zonsezi? Ndiye bwanji sunanene?"

"Ndinanena, amayi."

"Liti?"

"Tsiku la singano."

Poyamba sanakumbukire. Kenaka manja awo anaima m'dengu. Anangoti, "Tinali pamalo pa eni, mwanawe." Anapitiriza kusankha, nanenso ndinayamba kuwathandiza. Sitinaikambenso nkhaniyo.

Amayi sindiwada. Mkazi wamasiye wa ana awiri akanatsutsa bwanji mlongo wake pamaso pa mlendo? Koma kunena kuti zinandichoka mumtima ndiye kunama.

Masiku ano makanema ali paliponse. Kumsika kuli ena aakulu ngati chitseko, ndipo kunyumba timaonera pafoni ya bambo a mwana, titaitsamiritsa ku kapu. Ndimamva abambo akutsutsana pagolosale, wina akuti wamkulu ndiye wabwino, wina akuti filimu ndi filimu, nkhani yake ndi yomweyo kaya waonera pati. Ine sindilowerera za abambo. Koma ndikayang'ana amene akunena kuti zonse n'chimodzimodzi, ndimadziwa kuti moyo wake wonse wakhala pampando wa kutsogolo. Anthu makumi atatu akhoza kukhala m'nyumba imodzi, kuseka nthawi imodzi, wina osaona kanthu. Ndipo akanena, amene ali kutsogolo amayeza ndi maso awo, n'kupeza kuti akunama.

Mwana wanga akasendera pafupi ndi foni sindimukalipira. Ndimaichotsa, n'kukaima nayo pakhomo, n'kumufunsa kuti, "Munthuyu akuseka kapena akulira?" Mpaka pano amayankha bwino. Tsiku limene anayamba Sitandade 1 ndinapita naye ndekha, ndinalowa m'kalasi, ndinakhala pansi pamene anamukhazika kuti ndione zimene azidzaona. Aphunzitsi ake anadabwa, koma anandisiya.

Ndikapita kukamutenga ndimafika msanga, n'kuima pawindo la makalasi a ana okulirapo. Bolodi lonse ndimaliwerenga ndili panja, mpaka mzere wotsiriza wa pansi. Zambiri si zovuta n'komwe. Zina ndimazipeza mumtima ana asanakweze manja. Kenaka belu limalira, mwana wanga amatuluka, ndimamunyamulira chikwama, timapita kumunda.